Achimwene, zala zanu sizinakalambe: za kudumpha kwa Mario wakale ndi kwa magemu a lero

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Rosettenville. Dzina lawo ndilisunga, koma nkhani yawo ndiiyala pano chifukwa ambiri mwa ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 n'kudzapezeka kuno ku Joni tadutsamo. Anagula kabokosi kaja ka magemu akale kolumikiza ku TV, kobwera ndi mapadi awiri opanda nthambo, kuti amuonetse mnyamata wawo wa zaka 11 Mario amene iwo ankamumaliza ali ku Zingwangwa. Atagwira padi, ogwera m'maenje anali iwo omwe. Mnyamata atayesako anati gemuyo ndi yowonongeka, Mario akuterereka ngati waponda sopo, ndipo anabwerera ku gemu yake ya masiku ano yotchedwa Celeste pa laputopu. Ndiye achimwenewa akufunsa kuti: "Kodi magemu akale ankayenda moipa ife osadziwa, kapena zala zanga ndi zimene zakalamba? Nanga a lerowa, sikuti akungowachitira ana chilichonse?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Ndiyamba ndi TV yanu, chifukwa gawo lina la vutoli likhoza kutha usiku womwe uno musanagone.

Super Mario Bros. imajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi iliyonse, ndipo chithunzi chilichonse timachitcha fremu. TV zakale zija za msana waukulu zinalibe ntchito ina koma kuonetsa basi. Chithunzi chikafika, pompopompo chili pagalasi. Pulazima ya lero imayamba yachilandira, kuchikulitsa, kuchisalaza, kukometsa mitundu, kenako n'kuchionetsa. Poonera mpira palibe amene angazindikire. Koma pa gemu ndiye kuti Mario amene maso anu akumuona ndi wa kanthawi kapitako. Onjezanipo padi yopanda nthambo, onjezaniponso kabokosi kotchipa kamene mkati mwake kakungotsanzira makina a Nintendo, kampani yopanga Mario, chilichonse chikudyapo kafremu kake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mario akamathamanga liwiro lake lonse amayenda mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi awiri ndi theka pa fremu. Njerwa imodzi m'gemu imeneyi ndi mapikiselo 16. Zinthu zanu zikachedwa mafremu 6, komwe ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, Mario wayenda mapikiselo 15, njerwa yathunthu kungotsala pang'ono. Inu mukumuona ali m'mphepete mwa dzenje, chala chadina pa nthawi imene chinazolowera kalekale, koma mkati mwa makina phazi lake lachoka kale pansi.

Izi ndinaziona ndi maso anga kwathu ku Turffontein. Ndili ndi ka TV kakale ka mainchesi 14 kamene ndinagula kwa ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, ndipo tsiku lina ndinatsamiritsa foni pa kapu n'kujambula chala changa ndi galasi la TV pamodzi, mwa kujambula koyenda pang'onopang'ono kuja. Pa ka TV kakaleko, chala chikamamira pa batani, mapazi a Mario nawo akunyamuka. Nditasamukira pa pulazima ya pabalaza, chala chinafika pansi n'kukhazikika, Mario akuponyabe miyendo ngati sanamve, kenako ndiye n'kudumpha. Nditalowa m'makonzedwe a chithunzi n'kuyatsa Game Mode, mpata uja unachepa kwambiri. Yang'anani pa TV yanu, pafupifupi zonse za masiku ano zili nayo. Ndipo ngati kabokosiko kamalola padi ya nthambo, igwiritseni ntchito.

Pali chinanso chimene ambiri sitinkachidziwa. Ku Malawi ndi kuno ku South Africa TV zinkayendera dongosolo la PAL, lojambula ka 50 pa sekondi, pamene ku Japan ndi ku America zinkajambula ka 60. Makina amene amalume athu ankabwera nawo kuchokera ku Joni, a Golden China aja ndi ena otero a makatiriji achikasu, sanali a Nintendo enieni. Anali otsanzira Famicom, makina a Nintendo amene anatuluka ku Japan mu 1983, ndipo ambiri ankayendetsa magemu a 60 pa liwiro la 50. Ndiye kuti Mario wa ku Zingwangwa uja ayenera kuti anali wodekha ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi amene ali pa kabokosi kanu. Mukamvetsera bwino nyimbo yake mwina mudzaona kuti ikuthamanga kuposa mmene mumaikumbukira. Zala zanu zinaphunzira gemu yofatsa pa TV yachangu, lero mwazipatsa gemu yachangu pa TV yochedwa.

Koma sindikuti zonse ndi TV. Mnyamata wanu sananame. Mario wakale amatererekadi, ndipo anamupanga dala choncho.

Kuti timvetse, tibwerere kumbuyo pang'ono. Mu Donkey Kong ya 1981, gemu ya Shigeru Miyamoto imene Mario anaonekeramo koyamba, kudumpha kunali kumodzi kokha. Mukadina batani, njira ya mumlengalenga yalembedwa kale, simungaitalikitse, simungaifupikitse, simungabwerere. N'chimodzimodzi kudumpha ngalande nthawi ya dzinja: mumayamba mwaima, kuyeza ndi maso, ndipo mukanyamuka basi, chotsala n'kutera kapena kunyowa. Magemu ambiri otchuka a zaka zimenezo anatsata njira yomweyi. Ghosts 'n Goblins ya Capcom ya 1985 ili choncho. Prince of Persia ya 1989 ndiye inanyanya: Jordan Mechner anajambula mng'ono wake akuthamanga ndi kudumpha, n'kutsatira zithunzizo pojambula kalonga wa m'gemumo, ndiye kayendedwe kalikonse kamayenera kumalizika kaye musanalamule kena. Mumadina batani lodumphira mapazi angapo musanafike m'mphepete.

Ine imene ndimaikonda pa gulu limeneli ndi Castlevania ya Konami ya 1986, ndipo ndiloleni ndikhalitsepo. Simon Belmont, munthu amene mumayendetsa, amayenda molemera, sathamanga. Akadumpha sangasinthe maganizo. Chikwapu chake sichimenya nthawi yomwe mwadina, amayamba wachikokera kumbuyo kaye. Mdani akamukhudza amamuponyera chambuyo, ndipo kumbuyoko kawirikawiri kuli dzenje. Munthu wozolowera magemu a lero akaigwira amati ndi yowuma ngati chikuni. Koma taonani adani ake. Mitu youluka ija ya Medusa imabwera ikukwera n'kutsika mofanana nthawi zonse, ngati mafunde. Mileme ili ndi kanjira kake. Palibe mdani amene amafuna kuti muthe kutembenuka mumlengalenga, onse amafuna kuti muime, muyang'ane, muwerenge, kenako musankhe kamodzi. Ndi bawo imeneyi: ukatapa nkhomo m'dzenje wayamba, sungazibwezenso. Kukoma kwake kuli poti luso lonse limachitika mapazi ali pansi. Pamene Super Castlevania IV inabwera mu 1991 n'kulola kukwapula mbali 8 ndi kudziwongolako mumlengalenga, inakoma m'manja, inde, koma ine ndimaona kuti kuwerenga adani kuja kunachepa mphamvu, poti chikwapu chinkafika paliponse.

Ndiye Super Mario Bros. ya 1985 inatchukitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kudumpha kunayamba kumvera chala: kukhudza batani la A pang'ono ndi kadumphidwe kakafupi, kugwiritsitsa ndi kupita m'mwamba, ndipo mumlengalenga mungathe kudzikoka pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo. Chachiwiri ndi chimene mnyamata wanu wachitcha sopo. Mario ali ndi kulemera. Sanyamuka ndi liwiro lonse, amalisonkhanitsa, ndipo mukasiya kudina saima pomwepo. Kumbukirani anthu onyamula makala panjinga potsika chitunda. Munthu uja sagwira buleki pamene akufuna kuima, amayamba kutali, chifukwa matumba ali kumbuyo akumukankha. Ameneyo ndiye Mario mutagwira B, batani lothamangira. Ndipo liwiro limenelo ndi chuma, chifukwa Mario wothamanga amadumpha patali ndiponso m'mwamba kuposa woima. Masiteji onse 32 anamangidwa pa mfundo imeneyi, kuti muzidziwa nthawi yosonkhanitsa liwiro ndi nthawi yoliwononga.

Si magemu onse akale amene anali olemera chotero, ndipo apa m'pamene mawu oti "akale" ndi "a lero" amasokoneza. Mega Man wa 1987 amaima msanga mukasiya batani, ndipo mumlengalenga amatembenuka mmene mwafunira. Mnyamata wanu akamugwira ameneyu sadandaula za sopo. Sonic wa Sega wa 1991 anapita mbali inayo: Yuji Naka analemba kayendedwe koti kutsetsereka kwa nthaka kuzimuwonjezera kapena kumuchotsera liwiro, ndiye ukadzipinda n'kugubuduka potsika umatulukira mbali ina ngati mwala wa legeni. Njira zonsezi zinalipo kale 1992 isanafike.

Chimene magemu akalewa ankafanana ndi kusakhululuka. Anali ngati phada: waponda mzere, watuluka, palibe kukambirana. Mu Mario woyamba, mukadina A phazi litangochoka m'mphepete, batani lija lapita pachabe. Mukadina Mario asanatere, ngakhale kwatsala fremu imodzi, gemu siisunga pempho lanu, amatera n'kuima, chilombo n'kumupeza. Ndipo chilango chake chinali chachikulu: miyoyo itatu, ikatha kubwerera kumayambiriro. Zifukwa zinalipo. Makina a m'mashopu ankadya makobidi, ndiye kufa msanga kwa wosewera kunali phindu la mwini makina. A kunyumba anali ndi malo ochepa zedi. Super Mario Bros. yonse ndi makilobaiti 40, yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi chimene mumatumiza kumudzi pa WhatsApp. Kuti gemu yotere ikhale miyezi m'nyumba, inkayenera kukubwezani kawirikawiri.

Tsopano tifike pa Celeste ya mnyamata wanu, chifukwa wasankha gemu yabwino kwambiri yophunzirirapo nkhani imeneyi. Inatuluka mu 2018, ndipo oyambitsa ake ndi Maddy Thorson ndi Noel Berry. Anthu amenewa sanabise kanthu. Anaika poyera pulogalamu yoyendetsa mtsikana wa m'gemumo, Madeline, ndipo mu 2020 Thorson anafotokoza pa Twitter timachenjera tambiri timene anabisamo. Tiyeni tione tingapo.

Madeline akathamanga kupitirira m'mphepete, gemu imamulolabe kudumpha kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, mapazi ali kale pamphepo. Opanga magemu amati coyote time, potengera nkhandwe ya m'makatuni ija yothamanga kupitirira phompho n'kuyamba kugwa itayang'ana pansi. Mukadina kudumpha asanatere, gemu imasunga pempholo mafremu ochepa n'kulichita akangokhudza pansi, chimene amati jump buffering. Mutu wake ukagunda kangodya ka denga pamene akukwera, gemu imamukankhira pambali mapikiselo ochepa kuti apitirire m'malo mogwa. Akafika pamwamba penipeni pa kudumpha inu mutagwirabe batani, mphamvu yomukokera pansi imachepetsedwa ndi theka, ndiye amakhala ngati walendewera kamphindi, kukupatsani mpata woona potera. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene gemu imakuuzani. Mumangomva kuti ikukumverani.

Taonani chiwerengero chija, gawo limodzi mwa 10 a sekondi. Ndi mafremu 6 omwe aja tinawerengera kuti akhoza kudyedwa ndi TV, padi ndi kabokosi. Ine ndimaziona chonchi: Mario anapangidwira TV ya mtundu umodzi ndi padi ya nthambo, pamene wopanga gemu lero sadziwa ngati mukusewera pa laputopu, pa Switch, makina a Nintendo onyamula m'manja, m'basi ya ku Blantyre, kapena pa pulazima yochedwa. Ayenera kusiya mpata. Komanso ngakhale zida zikhale zabwino chotani, diso la munthu siliona fremu imodzi. Munthu akaphonya ndi fremu imodzi, mumtima mwake amadziwa kuti anadina pa nthawi yake, ndipo gemu ikamupha amamva kuti yamubera. Magemu a lero anasankha kumvera cholinga cha munthu m'malo moweruza chala chake.

Ndiye kodi akuwachitira ana chilichonse? Achimwene, mufunseni mnyamata wanu akuonetseni chiwerengero cha imfa zake. Celeste imawerenga imfa iliyonse n'kuilemba pa mutu uliwonse wa gemu, ndipo kufa kambirimbiri pa chipinda chimodzi si chachilendo. Chifukwa chakuti kayendedwe ndi kokhululuka, opanga anapeza ufulu wofunsa zinthu zimene Mario woyamba sakanayerekeza: kudumpha, kudziponya mumlengalenga mbali imodzi mwa 8, kugwira khoma mphamvu zikutha, kudumphanso, zonsezi pakati pa minga popanda poponda. Ukafa umabwerera pa khomo la chipinda chomwecho nthawi yomweyo, njira imene Super Meat Boy ya 2010 inatchukitsa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ndi mmene mwana wanu akukwerera phiri limenelo, chipinda chimodzi chimodzi. Kuvuta sikunachoke. Anakuchotsa pa kulimbana ndi padi n'kukuika pa msewu weniweniwo. Pali Assist Mode yoti munthu achepetse liwiro la gemu kapena asamafe, koma imeneyo munthu amaiyatsa yekha akafuna, ndipo ine ndimaiyamikira chifukwa pali anthu amene manja awo sangathe zimene athu amatha.

Komabe funso lanu lili ndi pogwira, kungoti mwaloza gemu yolakwika. Kukhululukira munthu ndi kumuchitira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu Assassin's Creed ndi Uncharted, zonse zoyamba mu 2007, kukwera khoma nthawi zambiri ndi kuloza kandodo ka pa padi kutsogolo n'kugwira kapena kudina batani. Munthu wa m'gemumo amasankha yekha pogwira, amadzimata yekha pa mwala, ndipo n'kovuta kuti agwe. Zimaoneka bwino kwambiri, ndipo magemuwo ali ndi zokoma zawo zina, koma pokwerapo inu ndinu wokwera takisi, woyendetsa ndi wina. Celeste siikusankhirani podumphira. Imangolandira chisankho chanu ngakhale chafika mochedwa pang'ono. Mukafuna kuyesa gemu iliyonse, dzifunseni kuti mutasankha molakwika, kodi mugwa? Ngati yankho ndi eya, gemuyo ikukulemekezani.

Umboni wakuti kayendedwe ndi nthaka yake zimamangidwa pamodzi tinauona pa Crash Bandicoot. Yoyamba inatuluka pa PlayStation mu 1996. Mu 2017 inamangidwanso mwatsopano mu N. Sane Trilogy, masiteji ali omwe aja, koma anthu amene ankaidziwa bwino anayamba kugwa pa milatho ya matabwa ija, monga mu siteji ya The High Road. Activision, kampani yoitulutsa, inavomereza kuti Crash watsopano amatsika msanga pang'ono akadumpha, ndiponso kuti kagundidwe kake ndi zinthu kanasintha, moti akatera m'mphepete penipeni amatha kutsetsereka. Kusintha kochepa chabe, koma mipata ya matabwa inayezedwa ndi kudumpha kwakale. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mawu oti kayendedwe ka Mario n'koipa. Muikeni Madeline m'masiteji a Mario, awadutsa osatuluka thukuta. Muikeni Mario m'zipinda za Celeste, safika patali. Aliyense anasokeredwa malaya ake.

Za magemu a 3D ndingodutsapo mwachangu, chifukwa ndi nkhani ya tsiku lina. Super Mario 64 ya 1996 inabwera ndi ndodo ya analogi, kuti kukankha pang'ono kukhale kunyang'ama, kukankha kwambiri kukhale kuthamanga. Kudumpha katatu motsatizana, kudumpha kwakutali, kudzikankha pakhoma, zonsezi mpaka lero zimakoma. Chimene chinakalamba m'gemu imeneyo ndi kamera, ndipo pamenepa ndiye a lero apambana popanda mtsutso. Super Mario Odyssey ya 2017 ndi Astro Bot ya 2024 zimakupatsani ndodo yachiwiri yoyang'anira, komanso njira yodzikonzera mumlengalenga: Mario amaponya chipewa, Astro amayatsa moto kumapazi n'kulendewera kamphindi.

Ndisaiwale za kuno kwathu komwe tikukhala. Mu 2018 situdiyo ya mu Johannesburg muno yotchedwa Nyamakop, yoyambitsidwa ndi Ben Myres ndi Cukia Kimani amene anaphunzira ku yunivesite ya Wits, inatulutsa Semblance pa Switch ndi pa kompyuta. Iwo anatembenuza funso lonse. M'malo mongosintha mmene munthu amadumphira, anapanga kuti nthaka ikhale yofewa ngati dongo. Nsanja ikakhala patali, mumaigunda ndi thupi mpaka itapindikira kumene mukufuna. Ndimaitchula chifukwa mnyamata wa zaka 11 wokulira ku Rosettenville ayenera kudziwa kuti magemu sapangidwa ku Kyoto kokha, kwawo kwa Nintendo. Ena anapangidwa ndi anthu okwera matakisi omwewa.

Mukandifunsa mbali imene ndili, ndinena mosabisa. Pa nkhani ya kukhululuka, a lero akulondola, ndipo sindifuna kubwerera. Batani lotayika chifukwa cha fremu imodzi silinaphunzitsepo munthu kanthu. Kubwerera ku 1-1, siteji yoyamba ya dziko loyamba, chifukwa wafa pa 7-4, kufupi ndi mapeto, kunali koyenera nthawi imene tinali ndi katiriji imodzi ndi tchuthi chonse, osati lero pamene munthu wafika kunyumba usiku kuchokera ku ntchito ndipo magetsi sakudziwika kuti akhala mpaka liti.

Koma pali chimene chimandisowa, ndicho kulemera. Magemu ambiri a lero amanyamuka pomwepo n'kuima pomwepo. Hollow Knight ya 2017 ndi chitsanzo: kamunthu kake kamamvera chala ngati kali pa chingwe, ndipo pa nkhondo zake n'koyenera kutero. Koma munthu amene wakulira zimenezi zokha sadziwa kukoma kwa liwiro limene wadzisonkhanitsira wekha n'kumaliopa wekha, pamene ukuthamanga ndi B, dzenje likubwera, ndipo ukudziwa kuti kuima sikuthekanso, chotsala n'kudumpha molimba mtima. Sindimaona Celeste ikundipatsa mantha amenewo, ngakhale ndimaikonda. Mwamwayi opanga ena sanataye. Super Mario Bros. Wonder ya 2023 ikadali nako kulemera, kofewetsedwa. Bloodstained: Curse of the Moon ya 2018 inatsanzira dala Castlevania yakale, ndipo imakulolani kusankha ngati mukufuna kuti adani azikuponyerani chambuyo kapena ayi. Jump King ya 2019 ndiye inabwerera ku ngalande kwenikweni: mumagwira batani kuyeza mphamvu, mukasiya basi, ndipo mukaphonya mumagwa mtunda wautali umene munakwera movutikira.

Chenjezo limodzi, poti ambiri kuno timasewera pa foni: musaweruze gemu yakale poisewera ndi mabatani ojambulidwa pagalasi. Chala sichimva pamene batani layambira ndi pamene lathera, ndipo kugwira B uku ukugubuduzira chala pa A, komwe ndi mtima wa Mario, sikutheka bwino pagalasi. Nintendo yomwe popanga Super Mario Run ya pa foni mu 2016 inachita kumuthamangitsa yekha Mario n'kukusiyirani kudumpha kokha.

Ndiye Loweruka likubwerali chitani chonchi, achimwene. Yatsani Game Mode, lumikizani padi ya nthambo ngati ilipo, mumuitane mnyamatayo. Musamuuze kuti gemu zathu zinali za amuna enieni, adzangotseka makutu. Muikeni pa 1-1, pa bwalo lopanda kanthu lija la koyambirira chilombo choyamba chisanafike, ndipo mumuuze athamange ndi B kenako asiye zonse, aone yekha kuti Mario waima njerwa zingati kutsogolo. Abwerezenso, koma tsopano akhudze kumbuyo pang'ono ngati buleki, aone Mario akukwekwereza mapazi. Akazindikira kuti kuterereka kuja kuli ndi muyeso wosasintha, sadzanenanso za sopo. Mumuonetsenso mmene chala chachikulu chimagonera pa B nsonga yake, mimba yake n'kumagwera pa A, chifukwa ana a lero sagwira padi motero ndipo palibe amene anawaonetsa. Miyoyo ikatha, gwirani A n'kudina Start, muyambira pa chiyambi cha dziko limene munafera, osati ku 1-1.

Kenako inunso mulandire laputopu, iye akhale mphunzitsi. Mudzafa kwambiri pa mutu woyamba wa Celeste, ndipo chimene chidzakuvutani ndi chizolowezi chanu chodumpha msanga, poopa m'mphepete. Iye adzakuuzani kuti dikirani, pitirirani pang'ono, ikulolani. Mumvereni.

Ndipo tsiku limene mudzafike limodzi pa 8-1, musamulole asiye B. Timaenje tating'ono ta njerwa imodzi tija Mario amatiwoloka pamwamba osadumpha ngati akuthamanga, koma akangoyenda wamba amagweramo. Siteji imeneyo ndi yaitali, ndipo wotchi imayambira pa 300 basi.